Mlendo akapempha senha pa yunivesite, ayankhidwe bwanji?

ULÓNGUÈ – Aliyense amene amayenda madzulo m'tauni muno, kapena ku Tete, kapena kutsidya ku Dedza, adawaonapo anyamata ndi atsikana atatsamira mpanda wa ofesi kapena wa sukulu, mitu ili chowerama, maso ali pa foni. Sakudikira galimoto, sakudikiranso chibwenzi. Akusaka rede. Mukawayandikira mumva funso limodzi lokha: "Akulu, kodi senha ya pano ndi chiyani?"

Funso limeneli likumveka pa makomo a masukulu akuluakulu m'dziko lonse lino, ndipo ife a ku Angónia likutikhudza chifukwa yunivesite tili nayo pakhomo. Universidade Zambeze idakhazikitsidwa ndi boma mu 2007 ndipo idayamba kuphunzitsa mu 2009. Likulu lake lili ku Beira, koma nthambi yake ya maphunziro a zaulimi, Faculdade de Ciências Agrárias, adaiika kuno ku Ulónguè, pakati pa minda yathu ya kachewere, chimanga ndi nyemba.

Tsono funso langa kwa inu owerenga a ku Dómuè, a ku Lifidzi, a ku Calómuè, a ku Tsangano ndi midzi yonse ya m'malire ndi ili: munthu amene sali wophunzira kapena wantchito wa pa yunivesite akafika n'kupempha kuti alowe pa rede, ayankhidwe bwanji? Amukanize? Amupatse? Nanga womupatsayo akhale yani?

Maganizo anga ndiwanena poyambirira pomwe, kuti amene afuna kunditsutsa akonzekere. Mlendo apatsidwe rede. Koma alowere pa khomo lakelake, dzina lake lidziwike, nthawi yake iyezedwe, ndipo asatulutse ngakhale metikali imodzi kupatsa munthu.

Mjigo wokhala ndi loko

Chifukwa cha agogo amene tsamba lino akuwawerengera adzukulu, tiyambe tamasulira. Mawu oti rede m'Chipwitikizi amatanthauza ukonde. Ndi ukonde wa mawaya ndi mphepo umene umalumikiza foni kapena kompyuta yanu ndi intaneti. Pa foni timagula megas kwa Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ndipo ena a m'malire amagula kwa TNM kapena Airtel a ku Malawi chifukwa ndi amene amagwira bwino m'mudzi mwawo. Koma pa sukulu yaikulu pamakhala rede ina yotchedwa Wi-Fi, imene sukuluyo imalipira yokha. Ili ngati mjigo wa pa sukulu. Madzi ake sagulitsa pa ndowa, koma pa mjigopo pali loko. Kiyi wa lokoyo ndiye senha, mawu achinsinsi amene munthu amalemba pa foni kuti atunge nawo.

Madzi a mjigo umenewu amachokera kutali. Chingwe chachikulu cha pansi pa nyanja chotchedwa SEACOM chidafika ku Maputo mu 2009. Kuchokera kunyanja, mawaya amayenda mtunda wautali kuti afike ku Tete, ndipo kuchokera ku Tete kukwera mapiri kudzafika kuno ndi makilomita enanso oposa 200. Zonsezi ndi ndalama. Mu 2005 boma lidayambitsa MoRENet, rede yolumikiza masukulu aukachenjede ndi malo a kafukufuku m'dziko lino, ndi cholinga choti ophunzira ndi aphunzitsi azipeza intaneti yochitira maphunziro. Choncho amene amasunga kiyi akamachita naye mantha, tisafulumire kuwanena kuti ndi oumira. Ali ndi zifukwa, ndipo zifukwazo ndi zitatu.

Choyamba, paipi ndi yopapatiza. Anthu 50 akamatunga nthawi imodzi madzi amatuluka bwino, koma akafika 500 aliyense amangolandira madontho. Wophunzira amene makolo ake adagulitsa ng'ombe kuti iye afike pa yunivesite sangalephere kutsegula buku lake chifukwa choti anthu a kunja akuonera mpira ndi mafilimu.

Chachiwiri, m'makompyuta a yunivesite muli nkhokwe. Muli malikisi a ophunzira, muli malipiro a antchito, muli zotsatira za kafukufuku wa mbewu amene watenga zaka. Foni ya mlendo ikhoza kubwera ndi kachirombo ka m'makina mwini wake osadziwa. Ife oweta nkhumba tikudziwa mmene chigodola chimalowera m'mudzi. Chimabwera ndi nkhumba imodzi yogula pamsika, yooneka yabwinobwino, ndipo pakutha pa sabata makola onse ali mbee.

Chachitatu ndi mlandu. Munthu akagwiritsa ntchito rede ya sukulu kunamiza anthu kuti amutumizire ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, kapena kuopseza ndi kunyoza mnzake, ofufuza akamatsata mapazi amathera pa khomo la sukuluyo. Akafunsa kuti adachita zimenezi ndani, sukulu iyenera kukhala ndi yankho.

Zifukwa zitatu zonsezi ndi zoona. Koma palibe ngakhale chimodzi chimene chikuti mlendo abwezedwe. Zonse zikungonena kuti mlendo alandiridwe mwadongosolo.

Zimene zidandichitikira

Zaka zingapo zapitazo, ndili pa maphunziro a ntchito ya pa wailesi mu mzinda wina kutali ndi kuno, adandituma kukajambula mawu a mphunzitsi wina pa sukulu ina yaukachenjede imene sindiitchula dzina. Nditamaliza, ndidafuna kutumiza mawuwo ku situdiyo nkhani za masana zisadayambe. Megas anga adali atatha. Ndidalowa mu ofesi n'kupempha mwaulemu. Mayi amene adali pamenepo adandilozera kwa mkulu wa makina. Mkulu wa makina adali atatuluka. Ndidabwerera, ndipo adandiuza kuti ndilembe requerimento kwa akuluakulu, yankho ndidzalimva sabata yamawa.

Ndikutuluka, mnyamata wina amene adaima pafupi ndi geti adandikodola. "Akulu, musavutike," adatero. "Ka refresco kokha basi." Ndidamupatsa 50 metikali. Adatenga foni yanga, adalembamo dzina ndi senha, ndipo nthawi yomweyo rede idagwira. Mawu ndidatumiza, nkhani idaulutsidwa, ine ndidayamikiridwa.

Usiku ndi pamene ndidayang'anitsitsa dzina limene adalemba mnyamata uja. Lidali la mphunzitsi wina wa pa sukulupo, munthu amene sindidamuonepo ndipo iyenso sandidziwa. Chilichonse chimene ndidachita tsiku limenelo chidalembedwa m'dzina lake. Ndikadakhala wakuba, akadagwidwa ndi iye. Ndidachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikuvomera kuti ndidalakwa. Koma ndidaphunzirapo kanthu. Sukulu ija inkaganiza kuti yatseka khomo, pamene kuseri mpanda udali utabooka kalekale. Mlendo woona mtima adamuuza kuti adikire sabata, koma aliyense wokhala ndi 50 metikali ankalowa nthawi yomweyo, popanda womudziwa, atavala dzina la munthu wina.

Kukaniza alendo kumabala zimenezi. Rede siikhala yotetezeka, imangosanduka malonda a m'tchire, ndipo amene ali ndi m'bale wake mkati ndi amene amatunga.

Palinso njira ina yolakwika, yosiyana ndi imeneyi. Masukulu ena, potopa ndi opempha, amangolemba senha imodzi papepala n'kumata pakhoma. Mmawa pepalalo lili pakhoma, madzulo senha ili m'mafoni a tauni yonse. Paipi imauma, ophunzira amadandaula, akuluakulu amakwiya n'kusintha senha, kenaka n'kulamula kuti mlendo asadzapatsidwenso. Tabwerera pomwe tidayambira.

Mudzi udayankha kale

Chimene chimandidabwitsa n'choti funso limeneli makolo athu adaliyankha kale, makompyuta asadabwere. Mlendo akafika m'mudzi mwathu sitimuthamangitsa, komanso sitimusiya kuti azingolowa nyumba iliyonse. Amayamba waonekera kwa anyakwawa kapena kwa amfumu. Amanena dzina lake, kumene wachokera, amene wam'dzera ndi masiku amene akhale. Mwini mlendo amadziwika, ndipo mlendoyo akalakwa, woyamba kufunsidwa ndi iye. Mlendo amapatsidwa madzi, nsima ndi mphasa, koma sapatsidwa makwerero a nkhokwe. Masiku ake akatha amatsazika. Paja akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Akatswiri a makompyuta m'mayunivesite a maiko ambiri amachita chimodzimodzi, kungoti amatchula ndi mawu awo. Amapatula rede ya alendo kuti ikhale payokha. Mlendo akalowa pamenepo amafika pa intaneti, koma sangafike pa makompyuta osunga malikisi ndi malipiro, ndipo kachirombo ka m'foni yake sikangadumphire m'khola la eni ake. Amaika muyeso, kuti alendo onse pamodzi asapitirire gawo lakutilakuti la paipi, monga mmene pamsika timayezera chimanga ndi lata. Amapereka senha ya munthu mmodzi yekha, imene imafa yokha pakatha maola kapena masiku amene adagwirizana. Ndipo amasunga kaundula wosonyeza kuti senha yakuti idapatsidwa kwa uje, tsiku lakuti. Makina ambiri a Wi-Fi amene masukulu amagula masiku ano amatha kuchita zimenezi. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi lamulo lolembedwa ndi munthu wopatsidwa udindo.

Alendo ali mitundu itatu

Alendo onse si amodzi, ndipo dongosolo labwino liyenera kuwasiyanitsa.

Oyamba ndi aphunzitsi ndi ophunzira ochokera ku mayunivesite ena, kaya ku Maputo, ku Chimoio, kapena ku Bunda kufupi ndi Lilongwe, kumene anzathu a ku Malawi amaphunzitsa zaulimi. Awa nkhani yawo idakonzedwa kale pa dziko lonse. Pali njira yotchedwa eduroam, imene idayambira ku Ulaya mu 2003 ndipo lero ikugwira ntchito m'maiko oposa 100. Munthu wa yunivesite imodzi akafika pa ina imene ili mu mgwirizanowu, amangolemba dzina ndi senha ya kwawo. Makina a kumene wafika amafunsa makina a kwawo kuti, "Kodi munthuyu ndi wanu?" Akavomera, khomo latseguka. MoRENet ya kwathu ndi MAREN ya ku Malawi ali m'gulu limodzi lotchedwa UbuntuNet Alliance, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Choncho mlendo wophunzira ali ndi omulankhulira ambiri.

Achiwiri ndi oitanidwa: alangizi a zaulimi amene abwera ku maphunziro a masiku atatu, atsogoleri a mabungwe a alimi amene abwera ku msonkhano, mafumu amene aitanidwa pa tsiku loonetsa mbewu. Awa ali ndi mwini wawo. Mphunzitsi kapena ofesi imene yawaitana ndiyo ipereke maina awo tsiku lisadafike, ndipo akamalandira kope ndi cholembera alandirenso kapepala ka senha, kofanana ndi ka kredito kaja timagula pa banka. Msonkhano ukatha, senha nayo yatha. Kuitana munthu kuchokera ku Dómuè kuti adzaphunzire kuyang'ana mitengo ya mbewu pa foni, kenaka n'kumuuza kuti agule yekha megas, kuli ngati kuitana munthu ku ukwati n'kumuuza kuti abwere ndi ndiwo zake.

Achitatu ndi amene ine ndikuwalira kwambiri, chifukwa alibe owalankhulira. Ndi mtsikana amene wamaliza kalasi ya 12 ndipo akufuna kulembetsa mayeso olowera ku yunivesite, poti kulembetsako masiku ano kumayambira pa intaneti. Ndi bambo amene wabwera kudzaona mwana wake wophunzira ndipo akufuna kulankhula ndi mwana wina ali ku Joni. Ndi mlimi amene kachewere wake wapsa ndi chiwawu, wajambula masamba pa foni, ndipo akufuna kutumiza zithunzi kwa mlangizi. Tikumbukire mmene ntchemberezandonda zidatidzidzimutsira mu 2017, alimi ambiri osadziwa kuti mbozi yachilendoyo ndi yotani ndipo aithira chiyani. Pa nthawi ngati imeneyo, ola limodzi la intaneti likhoza kupulumutsa munda.

Anthu amenewa sadaitanidwe ndi munthu ndipo alibe yunivesite yowavomereza. Kwa iwo ndikupempha zinthu zosavuta. Pakhale malo amodzi odziwika, kaya ku laibulale kaya pa ofesi yolandirira alendo, ndi maola odziwika. Pakhale munthu mmodzi amene ntchito imeneyi ndi yake, ndi wina womugwirizira akachoka. Yankho liperekedwe nthawi yomweyo, popanda requerimento. Mlendo apatsidwe ola limodzi kapena awiri, ndipo akafuna kubweranso mawa abwere. Malamulo alembedwe pakhoma m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, ndipo mzere woyamba unene kuti senha ya alendo sagulitsa.

Nanga chitupa?

Apa ndi pamene nkhaniyi imavuta kwa ife a m'malire. Ofesi ikangoti "onetsani B.I.", anthu ambiri a m'midzi abwerera. Ena chitupa chimenechi alibe, ena chidatha masiku, ena adalembetsa ndipo akudikirabe. Ambiri chimene ali nacho ndi kadi ya chisankho kapena cédula. Enanso ndi abale athu a ku Lizulu ndi ku Dedza, amene adabwera ku maliro kapena ku msika ndipo zitupa zawo ndi za ku Malawi. Kodi onsewa tiwataye?

Ndikuti ayi. Cholinga cha kaundula ndi choti pakachitika cholakwika munthu apezeke. Pa cholinga chimenechi chitupa chilichonse cha boma chokhala ndi chithunzi chikwanira, chikhale cha mbali ino kapena ya kutsidya. Palinso njira yachidule kuposa pamenepa. Kuyambira mu 2010 boma la Moçambique lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo ku Malawi lamulo lotere lidakhwima mu 2018. Choncho mlendo akhoza kungolemba nambala yake, makina n'kumutumizira senha pa uthenga wa SMS. Amene walandira uthengawo ndiye ali ndi foniyo m'manja. Masukulu, mahotela ndi mabwalo a ndege m'maiko ambiri amachita chonchi. Amene alibe chitupa chilichonse akhoza kuimiridwa ndi wophunzira kapena wantchito amene akumudziwa, monga mmene mwini mlendo amachitira kumudzi.

Koma ndikudziwa kuti akuluakulu ena akamva mawu oti kulembedwa dzina, mtima umagunda. Akukumbukira zaka za m'ma 1980, pamene munthu sankatha kuyenda ulendo popanda guia de marcha. Agogo ena akukumbukiranso chitupa cha nthawi ya atsamunda. M'masiku amenewo buku la maina lidali chingwe chomangira anthu. Malamulo aakulu a dziko a 1990 adatipatsa ufulu woyenda, ndipo palibe amene akufuna kubwerera m'mbuyo.

N'chifukwa chake ndikunena kuti udindo uli mbali zonse ziwiri. Mlendo akapereka dzina, sukulu nayo ilonjeze. Ifunse zochepa zokha: dzina, nambala ya foni kapena ya chitupa, ndi tsiku. Isafunse chipani, mpingo kapena chimene munthu akufuna kuwerenga. Kaundulayo asakhale poyera pamene aliyense wodutsa angathe kukopera manambala a atsikana. Asaperekedwe kwa amalonda kapena kwa andale. Atsegulidwe pokhapokha pali mlandu ndipo lamulo lalola. Ndipo pakapita miyezi imene sukulu yalengeza, maina akale afafanizidwe. Mlendo ali ndi ufulu wodziwa zonsezi asadalembe dzina lake.

Otsutsa akuti chiyani?

Mnzanga wina wophunzitsa adandiuza kuti, "Iwe, yunivesite si msika. Ndalama zake n'zochepa, ndipo ntchito yake ndi kuphunzitsa ophunzira ake." Ndikumumvetsa. N'chifukwa chake ndanena za muyeso. Pa nthawi ya mayeso gawo la alendo lichepe. Koma Loweruka masana, Lamulungu, ndi pa miyezi ya tchuti pamene ophunzira ali kwawo, paipi ija imangokhala, pamene ndalama zake zalipiridwa kale. Madzi amene sadatungidwe lero sasungika kuti adzatungidwe mawa. Kupatsa mlendo pa nthawi yotere sikulanda wophunzira kanthu.

Wina adati, "Mukatsegula, tauni yonse idzakhamukira kumeneko." Mwina masiku oyamba zidzaterodi. Koma munthu amene wapatsidwa ola limodzi, pa rede yoyezedwa imene siilola kukoka mafilimu, atalembetsa dzina lake, sakhala tsiku lonse. Amachita chimene wadzera n'kumapita. Amene amagona pa mpanda ndi amene adapeza senha yakuba yopanda malire.

Ndipo tisaiwale mbiri. Intaneti idalowa m'dziko lino kudzera pa khomo la yunivesite. Ndi a Centro de Informática a pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo amene adayamba kulumikiza dziko lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1999 anthu omwewo adatsegula malo awiri oyamba ku Manhiça ndi ku Namaacha kumene anthu wamba a m'maboma ankatha kugwiritsa ntchito kompyuta, lamya ndi intaneti. Ngati yunivesite ya mu likulu idaona kuti ndi udindo wake kutulutsira nzeru zimenezi kunja kwa mpanda, kuli bwanji sukulu ya zaulimi imene idamangidwa pakati pa alimi? Sukulu yotere imafuna alimi monga mmene alimi amaifunira. Ophunzira ake amayesera mbewu m'minda yathu ndipo amatifunsa mafunso a kafukufuku wawo. Mlimi amene wabwera kudzatumiza chithunzi cha chiwawu wabweretsanso uthenga woti matenda abuka kudera lakuti. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Ife a ku Angónia ulendo timaudziwa kuwawa kwake. Pa nthawi ya nkhondo imene idatha ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi. Mabanja ambiri a kuno adakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo enafe tidabadwira komweko. Adatilemba maina, inde, koma adatipatsa malo, madzi ndi sukulu. Anthu amene adalandiridwa chonchi sayenera kuphunzitsidwa ndi wina kuti kulemba mlendo ndi kumulandira zimayendera limodzi.

Udindo wathu ife alendo

Ndisamalize ndisadatembenukire kwa ife eni ake opempha, chifukwa walira mvula walira matope. Tikafuna kuti makomo atitsegukire, tiyenera kukhala alendo oti mawa n'kutiitananso.

Musapemphe mwana wanu kapena mphwanu wophunzira kuti akupatseni senha yake. Senha imeneyo ndi dzina lake. Mukaipereka kwa mnzanu, mnzanuyo n'kuipereka kwa wina, tsiku lina wina adzalakwira nayo ndipo wolangidwa adzakhala mwana wanu. Musapereke refresco kwa mlonda kapena kwa mnyamata wa pa geti. Ine ndidapereka, ndipo ndakuuzani chimene ndidagula. Mukapatsidwa senha ya alendo, ndi yanu nokha, musaitumize pa gulu la WhatsApp. Chitani chimene mwadzera, musiyire ena. Ndipo pa rede ya alendo iliyonse, kaya pa sukulu kaya pa hotela, musalembe nambala yachinsinsi ya ndalama zanu pa tsamba limene simukulidziwa, ngakhale litakulonjezani mphatso.

Akakuuzani kuti lero sizitheka, funsani mwaulemu kuti lamulo lake likuti chiyani ndipo lidalembedwa pati. Funso limeneli si chipongwe. Pamene pali lamulo lolembedwa, wantchito wa pa ofesi amapepukidwa, chifukwa sakhalanso iye woganiza kuti uyu ndimupatse, uyu ndimumane. Pamene palibe lamulo, yankho limatengera nkhope ya wopempha, nsapato zake ndi Chipwitikizi chake. Amayi a chitenje ochokera ku Tsangano amabwezedwa, bambo wa tayi amalowa.

Pomaliza

Nkhani imeneyi siifuna nduna kuchokera ku Maputo. Ingathe kukambidwa konkuno. Mafumu athu, atsogoleri a mabungwe a alimi, akuluakulu a masukulu a sekondale ndi makomiti a makolo ali ndi malo m'mabwalo a uphungu a boma la Angónia, m'madera ndi m'tauni. Aitengere kumeneko. Akhale pansi ndi akuluakulu a yunivesite, ndi a masukulu ena onse amene ali ndi Wi-Fi, agwirizane pa pepala limodzi lokha: mlendo apite pati, nthawi yanji, aonetse chiyani, apatsidwe maola angati, ndipo dzina lake lisungidwe mpaka liti. Pepala limenelo limatidwe pa geti ndipo liwerengedwe pa wailesi m'Chinyanja, kuti wa ku Calómuè adziwe asadakwere njinga.

Mtsikana uja wa kalasi ya 12 ali ndi masiku owerengeka oti alembetse mayeso. Akaphonya, adikira chaka chathunthu, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitikira atsikana ambiri a m'midzi mwathu m'chaka chodikira. Ngati adzalowa pa yunivesite chaka chamawa monga wophunzira, mwina zidzayambira pa mmene adzayankhidwire chaka chino monga mlendo.

Inu owerenga, maganizo anu ndi otani? Kambiranani pa bwalo, pa mjigo ndi potuluka m'tchalitchi, ndipo mutilembere.